Mwendo Wosadziwa Kudikira

A Gisbert anamwalira Lolemba m'mawa, ndipo dzuwa lisanafike pamutu amuna anga a Ludger anali atandifunsa kale kawiri ngati m'dirowa muli magolovesi oyera atsopano. Sanafunse kuti a Walburga, akazi a malemuwo, ali ndi ndani m'nyumba, kapena ngati alawako kanthu. Anafunsa za magolovesi. Ndinawauza kuti ali momwe amakhalamo masiku onse, ndipo ngati mwendo wawo wachitsulo wanzeruwo umathanso kutsegula madirowa, autume.

Muno m'mudzi mwathu bokosi salinyamula abale. Amalinyamula aneba asanu ndi mmodzi, ndipo neba wa khomo loyamba ndiye amagwira kutsogolo, dzanja lamanja. Akalitsitsa amavula magolovesi n'kuwaponya m'manda momwemo, ndiye kuti ntchito yatha. Pakati pa nyumba yathu ndi ya a Gisbert pali kampanda ka maluwa basi, choncho malo akutsogolowo anali a amuna anga, monga mmene analili a bambo awo kalelo. Ndi iwonso amene anayenera kuyenda khomo ndi khomo kulengeza malirowo. Anapita, anabwerako nkhope ikuwala thukuta, n'kundiuza kuti makomo khumi ndi anayi awamaliza m'mphindi makumi anayi, pomwe bambo awo ndi miyendo iwiri yobadwa nayo zinkawatengera m'mawa wonse. Ndinawayang'ana, ndinapitiriza kusita malaya.

Panalinso chifukwa china choposa mwambo, ndipo mudzi wonse unkachidziwa. Zaka khumi zapitazo makina okumbira mbatatesi anawagwira a Ludger mwendo wakumanzere, pamwamba pa bondo. Amene anamva kukuwako ali m'munda mwawo anali a Gisbert. Anavula lamba n'kumanga ntchafu, anawabereka kumsana, n'kudutsa nawo m'matope mpaka kumsewu kumene ambulansi ikanatha kufika. Munthu wochepa thupi ngati uja, kubereka chimunthu cha makilo makumi asanu ndi anayi. Chichokereni kuchipatala, kumene mwendowo anakaudula, a Ludger akangolawa mowa nyimbo yawo inali imodzi: iyeyu anandinyamula, inenso ndidzamunyamula. Ankainena mokweza, akumenya patebulo, anthu n'kumagwedeza mitu. Ine ndinaimva mpaka kuiloweza.

Mwendo woyamba umene anawapatsa unali wosayankhula. Chitsulo, pulasitiki, ndi bondo lopindika ngati mpeni wa m'thumba, ankachita kuuponya ndi chiuno. Lamulungu lililonse Misa ikatha amuna amapita kubala ya pamsika, mtunda woti anzawo mphindi khumi afika, koma a Ludger zinkawatengera theka la ola. A Gisbert ankayenda nawo kumanzere kwawo, manja kumbuyo, akukamba za nkhumba ndi za mvula, ngati kuti amenewo ndiwo mayendedwe awo achibadwa. Kaya kuzizire bwanji, kaya ivumbe. Zaka zisanu ndi zinayi munthu uja sanamwepo tambula yoyamba limodzi ndi anzake, ndipo sindinamumvepo akudandaula.

Kenako mu Okutobala unabwera mwendo watsopano. Uwu uli ndi kainjini kamagetsi m'bondo, ndi batire lomwe timalitchaja pafupi ndi foni yanga. Ukafuna kudzuka pampando umakukankha wokha, ukafika pamasitepe umakukweza wokha, ndipo umaphunzira mayendedwe a mwini wake tsiku ndi tsiku. Ndisaname, tsiku limene amuna anga anakwera masitepe phazi ndi phazi mpaka kuchipinda chathu chakale cham'mwamba, ine ndinakhala pansi n'kulira. Amene anapanga chinthu chimenechi anagwira ntchito yabwino, Mulungu awadalitse. Vuto silinali kumunsi kwa ntchafu ayi, linali kumtunda kwake.

Pasanathe mwezi munthu wamkulu, mutu uli mbuu ndi imvi, anayamba kuvala kabudula m'chisanu cha Novembala kuti aliyense aone timagetsi tobiriwira ta pabondo. Anakayankhula kuholo ya parishi. Anajambulitsa m'nyuzipepala ya kwathu kuno phazi limodzi lili pathirakitala. Kawiri konse anabwerera kwa mayi Brune, amene amakonza miyendo imeneyi m'tauni, kukapempha kuti awonjezere mphamvu, ati unkawachedwetsa. Mwendo wakale uja, umene unawanyamula zaka zonse zija, anaumasula okha patebulo langa la kukhitchini, zitsulo pazokha, pulasitiki payokha, n'kukataya kumalo a zinyalala, chilichonse m'bini yake. Ifetu pa nkhani yosankha zinyalala sitilakwitsa.

Nthawi imeneyo n'kuti mapapo a Gisbert atayamba kutha, chifukwa cha fumbi la m'makola la zaka makumi anayi. Tsopano oyenda pang'onopang'ono anali iwo. Lamulungu loyamba a Ludger anatsogola, ati akuyesa mwendo. Linalo anatsogola, ati akukagwira mpando. Pofika Khirisimasi chifukwa sichinkafunikanso. Ine ndinkaona ndili pakhomo la tchalitchi: amuna anga ali uko, nzwii, nzwii, akupitirira ndi achinyamata omwe, a Gisbert ali kuno, ataima pawindo la bekale yotseka, akuyang'ana mashelefu opanda kanthu kuti anthu asadziwe kuti akupuma. Itatha Pasaka anasiya kupita kubala.

Ndinawauza amuna anga, osati kamodzi. Ndinati mukakwera pamsana pa njovu musamati kunja kulibe mame. Anayankha kuti mwendowu ukayamba suima, ndi mmene anaupangira, komanso a Gisbert eniake anawauza kuti azitsogola. Inde anatero. Nanga akanati chiyani, munthu waulemu wake? Agwire mnzake malaya pakati pa msewu? Tsiku lina mu Epulo ndinawapeza a Gisbertwo atakhala padzuwa pafupi ndi mpanda, kapaipi ka mpweya kali m'mphuno. Anandifunsa ngati mwendo uja ukuyenda bwino. Ndinati ukuyenda. Anamwetulira, anati amaumva ukamadutsa pamsewu, ndipo kulira kwake n'kosangalatsa. Ndinalowa m'nyumba ndili ndi manyazi ngati wolakwayo ndine.

Lachiwiri masana a Aloys, amene amasunga buku la aneba, anaitanitsa onyamula onse kushedi kwawo kuti akayeserere. Anali atafunsa kwa okonza maliro kulemera kwa bokosi ndi munthu yemwe. Anazula chitseko chakale, anamangirira zingwe zogwirira, n'kusanjikapo matumba a feteleza atawaika pasikelo kuti pasaperewere ndi kilo imodzi yomwe. Ndiwo amuna a kwathu kuno amenewo. Munthu kudwala miyezi yonse ija nthawi yokamuona sanaipeze, koma kumuyeza anamuyeza bwino. Ine ndinapita ndi khofi, komanso kuti ndikaone ndi maso anga.

Mayendedwe a pamaliro ndi a mapazi aafupi: phazi, kupuma, phazi, motsatira belu la tchalitchi. Anandipatsa ndowa ndi supuni kuti ndikhale belu. Ndinamenya kamodzi, onse anaponda bwino. Ndinamenya kachiwiri, mwendo wa amuna anga unalira nzwii n'kudziponya kutsogolo, chitseko chonse n'kupotoka. Anayambiranso, chimodzimodzi. Kachitatu matumba awiri anatsetsereka n'kugwera a Aloys paphazi.

"Achimwene," anatero a Aloys akudumpha ndi mwendo umodzi, "mnzathuyu mukupita naye kumanda kapena mukuthamangira naye sitima?"

"Ndi simenti yanuyi, ndi yoterera," anatero amuna anga.

"Simenti imeneyi ng'ombe zayendapo zaka makumi atatu, aise, palibe inathamangapo."

Anzawo anaseka, kenako anakumbukira kuti ali pamaliro, n'kuyamba kutsokomola. A Ludger anatsimikiza kuti makinawo awonongeka, mawa akawakonzetsa, ndipo anthu a m'tauniwo akawamva.

Lachitatu m'mawa tinali kwa mayi Brune. Ndi mayi wa magalasi a chingwe, wosakonda zonena zambiri. Amuna anga analowa ndi ukali wonse, ati mwandipatsa chinthu chosatha kuyenda pang'onopang'ono, ine Lachisanu ndili ndi maliro oti ndinyamule. Mayiwo sanatsutse. Analumikiza mwendo ku kakompyuta kawo n'kukatembenuza kuti nafenso tione. Phazi lililonse limene amuna anga anaponda chiyambire Okutobala linali mmenemo, tsiku lake ndi ola lake.

Anafotokoza modekha kuti palibe chimene chawonongeka. Miyendo imeneyi imayenda pang'onopang'ono bwinobwino. Ali ndi bambo wina amene amayenda ndi galu wokalamba, wina amakankha njinga ya mkazi wake wodwala. Koma mwendo umadziwa zimene mwini wake wauphunzitsa. Wa amuna angawu, kupatula timapazi ta m'nyumba, panja sunayendepo pang'onopang'ono ndi tsiku limodzi lomwe. Ndiye ukamva phazi lalifupi, katundu wolemera ali mbali imodzi, umayesa kuti munthu wapunthwa, n'kudziponya kutsogolo kuti umupulumutse. Kufufuta zonse n'kuyambiranso n'kotheka, koma pamafunika milungu. Kuuzimitsa, umasanduka chitsulo cholemera chongokoka, ndipo iwo sangalole munthu kunyamula nacho bokosi. A Ludger anafunsa ngati pali mwendo wina wobwereka. Mayiwo anati wakale uja ungathandize, abwere nawo aumangirire lero lomwe. Amuna anga anangokanda pakhosi.

Kenako mayi Brune analoza timizere tina tatitali, totulukira pamwamba pa tinzake, sabata ndi sabata.

"Koma apa ndiye mumandisangalatsa, bambo. Lamulungu lililonse, ikangokwana leveni koloko, mphindi zisanu ndi zitatu, liwiro loposa sabata yonse. Mumakhala muli kumasewera anji?"

Ine ndinayang'ana amuna anga, iwo anayang'ana nsapato zawo. Mayiwo, osadziwa kuti aponda pati, anapitiriza.

"Kulibe munthu woyenda pang'onopang'ono amene mungamayende naye? Mnzanu wachikulire, wodwala, aliyense. Milungu itatu yokha bwenzi utaphunzira kalekale."

"Analipo," ndinatero ine.

Tinatsanzika, tinakwera galimoto n'kubwerera kunyumba.

Lachinayi lonse anakhalira pabwalo, ndowa yodzaza madzi ili kudzanja lamanzere, akuyesa kuuphunzitsa mwendowo m'tsiku limodzi zimene anakana kuuphunzitsa miyezi isanu ndi iwiri. Phazi, kupuma, nzwii, madzi onse pansi. Kukatunganso. Ndinkawaonera pawindo ndikusenda mbatatesi. Pofika masana buluku linali litanyowa mpaka m'chiuno, ndipo atavula mwendo kuti apukute ndinaona kuti ntchafu yasupuka, magazi ali pansalu. Chisoni chinandigwira, sindikana. Ndi amuna anga, ndakhala nawo zaka makumi anayi ndi zitatu. Ndinawapaka mankhwala, ndinawamanga. Anandipempha chapansipansi kuti za mizere ya Lamulungu ija ndisauze munthu. Ndinati sindiuza munthu, nanga pali amene sankaona? Mtima wanga sunafewe. Thukuta lonse limenelo akanaligawa pang'onopang'ono pa masabata onse aja, bwenzi munthu atamwa mowa wake ndi mnzake mpaka kumapeto.

Chakumadzulo a Aloys ndi anzawo anakumana, buku la aneba lili patebulo. Analisanthula kuyambira masamba a nthawi ya agogo awo, kufuna lamulo lonena za neba amene mwendo wake ukuthamanga wokha, ndipo anadabwa kuti mulibe. Palibe amene ankafuna kukhala woyamba kuuza munthu wolumala kuti achoke pamalo pake, kuopa kukambidwa. Palibenso amene ankafuna kuti bokosi ligwe pamaso pa abambo mfumu. Amuna asanu, imvi zokhazokha, anagwira njakata mpaka khofi kuzizira, kenako anachita zimene amuna amachita zikavuta: anaganiza zokatula nkhaniyo kwa mayi wamasiye. Ananditenga ine kuti ndikawatsegulire pakamwa. A Ludger ananyamuka mochedwa, komabe pakhomo anafika limodzi nafe.

A Walburga tinawapeza kukhitchini akudula makeke a mawa, mizere yake yowongoka ngati ayeza ndi rula. Botolo la mpweya la malemu linali likadali pakona, kapaipi kake katakulungidwa bwino. A Aloys anayamba kuzungulira, ati pali kavuto kakang'ono ka zamakina, si vuto la munthu ayi. Amuna anga anawadula mawu. Anati iwo analonjeza, mudzi wonse ukudziwa, a Gisbert anawabereka kumsana ndipo sangalole wina agwire pamalo pawo. Ngati n'kugwa agwa, koma agwa atagwira. Misozi inali m'maso, ndipo inali yeniyeni.

A Walburga anamaliza mzere umene ankadula, anapukuta mpeni pa epuloni.

"Amuna anga agwa mokwanira chaka chino, a Ludger. Kawiri konse pamsewu wa kubala uja, anawatola ndi anthu odutsa. Anandiletsa kukuuzani, ati mungachite manyazi. Mawa sindikufuna agwenso." Kenako anatembenukira kwa a Aloys. "Apatseni nkhata ya maluwa, azitsogola. Amuna anga msana wa a Ludger anauzolowera."

Sanakweze mawu. Anakoka thireyi ina n'kuyambanso kudula.

Pamalo pa amuna anga anagwira neba wa khomo lachisanu ndi chiwiri, bambo wobwera wa kumzinda wa Dortmund, amene amagwira ntchito pakompyuta m'nyumba mwake, ndipo malemuwo ankangopatsana naye moni. Magolovesi anachita kumugulira. Anagwira bwino, tinene zoona, belu sanaliphonye ndi kamodzi komwe.

Kuchoka kutchalitchi kupita kumanda msewu wake ndi womwe uja wodutsa pabekale. A Ludger anali patsogolo pa onse, chinkhata cha aneba chili m'manja. Belu linalira, anaponda phazi lalifupi, lachiwiri mwendo unakana, unawatenga. Mapazi khumi ndi awiri, nzwii, nzwii, m'mudzi monse muli phee, ndipo pocheuka anapeza bokosi lili kutali. Anaima chilili pakati pa msewu, nkhata m'manja, mpaka bokosi linawapeza. Ananyamukanso, mwendo unawatenganso, anaimanso. Palibe anaseka. Bola akanaseka.

Ine ndinali pambuyo pa a Walburga, ndipo ndinkawerenga, poti ndine munthu woipa mtima choncho. A Ludger anadikira kakhumi ndi kanayi. Kachisanu ndi chimodzi anaima pawindo la bekale penipeni, ndipo pamenepo ndinaona mapewa awo akugwedezeka. A Gisbert ali moyo, akupumira m'mwamba pamalo omwewo, sanadikiridwe ndi tsiku limodzi lomwe. Anachita kufa kuti adikiridwe kakhumi ndi kanayi m'mawa umodzi.

Kumanda onyamula anatsitsa bokosi, anavula magolovesi n'kuwaponya mmodzimmodzi. Wa ku Dortmund uja anaponya ake mwaulemu, ataonera anzake. Ndinaona dzanja la amuna anga likulowa m'thumba la jekete, likukhalitsa mmenemo, n'kutuluka lopanda kanthu. Pa khofi wa pamaliro sanadye keke, iwo amene sabweza mbale. Kunyumba magolovesiwo ndinawapeza m'thumbamo ali chipindire, oyera mbee, ndipo ndinawabwezera m'dirowa.

Tsopano papita milungu itatu. Lamulungu lililonse Misa ikatha a Ludger amayamba adikira kuti anzawo onse achoke, kenako amauyamba wa kubala okhaokha, manja kumbuyo, phazi, kupuma, phazi. Mwendo ukawatenga amabwerera pomwe anayambira. Kumanzere kwawo amasiya mpata woti munthu wochepa thupi n'kukwanapo. Kabudula uja anamusiya. Dzulo mayi Brune anaimba foni amuna anga atachokapo, osangalala kwambiri. Ati aona pakompyuta zimene anatenga pamwendo Lachitatu lapitali, kusintha kwake n'kwakukulu, ukuphunzira msanga kuposa mmene ankayembekezera, ndipo pofika mwezi wamawa uzitha kuyenda limodzi ndi munthu aliyense, ngakhale wodwala chotani.

Ndinawathokoza, ndinati ndiwauza akabwera. Ndinaika foni pansi n'kuyang'ana pawindo, kuseri kwa mpanda, kumene a Walburga ankayanika zovala za munthu mmodzi. Uthengawo sindinaufikitsebe.